Funsani Malume: mbaula, borehole youma ndi nsomba za mu Kafue

Mamesegi a mwezi uno achuluka moti foni yanga yakaleyi ikuchita kutentha m'thumba. Amene munafunsa za malowolo ndi za landilodi dikirani mwezi wamawa, lero tiyambe ndi amayi awa amene alemba mtima uli m'mwamba.

FUNSO: Malume, ine ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala mu Chawama koma kwathu ndi ku Katete. Tsiku lina ku tchalitchi kunabwera kamnyamata kophunzira kudzatiuza kuti ife ophikira malasha ndife tikumaliza mitengo ndiponso ndife tinathamangitsa mvula, ine zinandiwawa kwambiri chifukwa nthawi ija ya load shedding malaiti amabwera 01 koloko usiku ikamati 05 apita, nanga nyemba ndikanaphikira chiyani, mphepo? Mlongo wanga naye amaotcha malasha cha ku Rufunsa ndipo ndi momwe amalipirira ana sukulu. Kodi ndi zoona kuti kambaula kanga kamodzika kangaumitse Kariba?

YANKHO: Amayi, khazikani mtima pansi, mbaula yanu siinaumitse Kariba. Madzi a mu Kariba amachokera kutali, Zambezi amayambira cha ku Ikelenge ku North-Western uko, n'kulowa mu Angola, n'kubwereranso kudutsa ku chigwa cha Barotse, ndiye mvula ikakanika kumeneko nyanja imatsika olo inu muphike pa sitovu chaka chonse. Chilala cha 2024 chija chinabwera ndi El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza mvula, ndipo chinagwira chigawo chonse chino, Zimbabwe ndi Malawi omwe, mpaka a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko lili pa tsoka. Siteshoni ya ku Kariba North Bank ili ndi mphamvu yopanga mamegawati 1,080 koma pofika September madzi anachepa moti makina ambiri anaima, ndi pamene tinkaona malaiti maola atatu okha patsiku. Kamnyamata kajako kanaphika chiyani nthawi imeneyo? Mukadzakaonanso mukafunse.

Koma tsono musasangalale msanga, chifukwa pa nkhani ya mitengo sikananame. Ine ndimakwera basi ya ku Chipata kawiri kapena katatu pachaka, ndipo amene munayendapo pa Great East Road zaka za m'ma 1990 mukukumbukira kuti ukangodutsa Chongwe tchire linkayambira pamsewu pomwe, miombo yokhayokha, nthawi ya September masamba atsopano ali psuu ngati munthu wathira utoto. Lero khalani ku windo muone. Matumba a malasha ali ndandanda m'mbali mwa msewu, aliyense ndi kamutu kake komangidwa ndi luzi, ndipo kuseri kwake ndi zitsa ndi utsi ukufuka m'mapiri. Akatswiri a nkhalango akhala akunena kuti Zambia imataya mahekitala pakati pa 250,000 ndi 300,000 chaka chilichonse, ena chifukwa chotsegula minda, ena malasha, ena matabwa ndi migodi.

Chimene chimandipweteka ine ndi momwe amaotchera. Uvuni wa dothi uja, ena amati chibili, umadya mitengo yambiri n'kutulutsa malasha pang'ono, kuti mupeze kilo imodzi ya malasha pamapita makilo asanu a nkhuni kapena kupitirira apo, zina zonse zimapita ndi utsi. Ndipo mtengo umene amaufuna ndi wolimba uja, mombo, mtondo, tsanya, chifukwa ndi umene makala ake amalira ngwee ukawagwetsa pansi ndipo inu nomwe pa msika mumakana opepuka aja mumati sachedwa kutha. Mombo ndi mtondo ndi mitengo yomwe bowa wa m'tchire amamera pa mizu yake, mukaidula bowa naye amasamuka, sungamudzale m'munda ngati chimanga. Vinkubala timagula pa msika wa Soweto vija vimadya masamba a mitengo yomweyo. Njuchi nazo chimodzimodzi. Ndiye munthu akamadandaula kuti kambale ka bowa kadula masiku ano koma kunyumba ali ndi matumba atatu a malasha pa khonde, ine ndimangomuyang'ana.

Nkhani ya kuti ndani wolakwa, apa ndi pamene ndimasiyana ndi anthu ambiri ovala mataye. Iwo amaloza chala mlongo wanu wa ku Rufunsa, wakuda bii ndi phulusa, chifuwa chili kho kho, amene amagulitsa thumba pa mtengo wolira kwa munthu wa thiraki. Koma thumba limenelo likupita kuti? Likubwera kwa ife. Lusaka ili ndi anthu opitirira 2 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2022, ndipo si Chawama ndi Kanyama okha amene amayatsa mbaula, pitani ku Kabulonga Loweruka masana mumve fungo la braai, pitani m'malesitilanti a mu tauni, kwa oweta nkhuku amene amawothetsa tianapiye usiku wonse mu June. Nkhalango ya ku Rufunsa ikudyedwa mu Lusaka muno, mlongo wanuyo ndi wotumidwa chabe. Mu 2024 boma linaimitsa zilolezo zootchera malasha ku Mumbwa, Shibuyunji ndi Itezhi-Tezhi chifukwa mitengo kumeneko inafika pothera, koma m'tauni anthu sanasiye kudya nsima, ndiye njinga ndi mathiraki zinangosintha njira.

Tsopano inu mungachite chiyani pa khomo panu popanda kugoneka ana ndi njala? Nyemba zivikeni usiku, m'mawa zimapsa ndi theka la moto. Zikawira bwinobwino ichotseni poto, ikulungeni mu bulangete lakale muiike mu dengu kapena mu katoni, mukabwera kuchokera ku msika mupeza zafewa zokha, mayi a ana anga amachita zimenezi ndipo poyamba ndinkawaseka. Mbaula yamalata yobowokabowoka ija itayeni mugule ya dothi mkati, imasunga moto. Mukamaliza kuphika zimitsani makala otsalawo, musawasiye akunyeka okha ngati muli ndi munda wa mitengo kuseri kwa nyumba. Gasi ndi wabwino ngati thumba likulola, vuto ndi ndalama yoyambira ya silinda, koma azimayi ena akugula kudzera m'chilimba, mwezi uno uyu mwezi wamawa uyo. Ndipo chonde, kukazizira musalowetse mbaula m'chipinda n'kutseka zitseko, mpweya wake sununkha koma umapha anthu ali m'tulo, chaka ndi chaka timaika maliro a zimenezi.

Kwa mlongo wanu, muuzeni kuti Malume akuti asamazule zitsa komanso asamatenthe pamene wadulapo. Miombo ili ndi khalidwe limodzi labwino, imaphukiranso pa chitsa ngati moto ndi mbuzi zaisiya, pakapita zaka pamakhalanso tchire. Masuku ndi mitengo ina ya zipatso aisiye. Lamulo la nkhalango la 2015 limalola anthu a m'mudzi kupanga gulu n'kumayang'anira nkhalango yawo mogwirizana ndi a Forestry ndi mfumu, akafunse ku ofesi ya pa boma, kusiyana n'kumathamangitsana ndi apolisi pa roadblock usiku.

FUNSO: Malume zikomo chifukwa cha danga lino. Ndinamanga nyumba ku Chalala ndipo ndinakumbitsa borehole zaka zisanu zapitazo, madzi anali mbwee mpaka ndinadzala kapinga. Chaka chatha October pampu inayamba kukoka mphepo, pano imatulutsa madzi mphindi khumi basi. Okumba aja akuti ndiwonjezere ndalama apite pansi kwambiri. Aneba anga onse anayi nawo ali ndi ma borehole. Kodi ndikumbe kapena pali wina wandichita chipongwe?

YANKHO: Achimwene, palibe amene wakulodzani, mfiti yake ndi kapinga wanuyo pamodzi ndi wa aneba anu.

Tiyeni tiyambe ndi pansi pamene mwamangapo. Lusaka yakhala pa mwala wa laimu, mwala woyera uja azimayi amaphwanya m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga ndi ku Misisi, ndipo mwala umenewu mkati mwake ndi mabowo ndi ming'alu yokhayokha ngati chisa cha chiswe. Mvula ikagwa madzi amalowa m'ming'alu imeneyo n'kukhala pansi, ndiwo amene borehole yanu imakoka. Si mtsinje wobisika wopanda malire ayi, ndi nkhokwe, ndipo nkhokwe ukamangotapa osaikamo mukudziwa chimachitika. Madzi a m'mipope ya mu tauni ena amachokera ku mtsinje wa Kafue, amayeretsedwa pa Iolanda n'kupopedwa makilomita pafupifupi 50 kubwera kuno, koma gawo lalikulu ndi la pansi pomwepa. Ndiye inu, aneba anu, kampani ya madzi, mafakitale a zakumwa, ma car wash, tonse tamiza mapaipi m'mbale imodzi.

Pamene tikutapa chonchi tikutsekanso pakamwa pa nkhokweyo. Chalala imene mukukhalayo kale inali tchire ndi mafamu, madzi a mvula ankalowa pansi momasuka. Pano aliyense akamanga amathira ma paver yadi yonse mpaka pageti kuti nsapato zisade, denga lamalata, msewu wa tara, madzi akagwa alibe polowera amangothamangira mu ngalande n'kukasefukira kwa anzathu ku Kanyama. Ndiye tikumakhala ndi zinthu ziwiri zooneka zotsutsana mu mzinda umodzi, February anthu akuyenda pa matumba a mchenga madzi ali m'mawondo, October pampu ikukoka mphepo.

Munamvapo za Forest 27? Ndi nkhalango ya kum'mawa kwa mzinda, cha ku Leopards Hill, imene inatetezedwa m'chaka cha 1957 chifukwa ndi pamene madzi amalowera pansi komanso pamene mtsinje wa Chalimbana umayambira. Mu 1983 chitetezo chinachotsedwa, mtsinje unayamba kuuma, anthu a ku Chalimbana ndi a mfumu yaikazi Nkomeshya Mukamambo II anadandaula mpaka mu 1996 boma linaibwezera. Kuyambira 2017 zigawo zina zinadulidwanso n'kugawidwa mapuloti, nkhani inafika mpaka ku makhoti. Ine sindine loya, koma ndikudziwa kuti nyumba yokhala ndi septic tank pamwamba pa chitsime cha mzinda wonse ndi chinthu chimene agogo anga osapita ku sukulu sakanalola. Kumudzi ngakhale mwana amadziwa kuti kumtunda kwa chitsime sakumbako chimbudzi.

Ndipo apa mpamene ndikufuna mutchere khutu kuposa pa nkhani ya kuuma. Ming'alu ija imene imalowetsa madzi a mvula msanga imalowetsanso za m'chimbudzi msanga, mwala wa laimu susefa ngati mchenga. Kolera ija inayamba mu October 2023 inapha anthu opitirira 700 m'dziko muno, National Heroes Stadium inasanduka chipatala, ana anakhala kunyumba mpaka February osatsegulira sukulu. Ambiri amaganiza kuti amenewo ndi matenda a mu komboni basi, a zitsime zosaya, koma ku mayadi kumene puloti iliyonse ili ndi soakaway yake (dzenje lolowetsa pansi madzi a m'chimbudzi) ndi borehole yake pa kamalo kochepa, mukuganiza madzi a soakaway ya aneba amapita kuti? Madzi kuoneka oyera mbee mu galasi sikutanthauza kanthu. Ine ndinamwapo madzi ozizira bwino kwa mnzanga wina wa nyumba yapamwamba, masiku atatu otsatira ndinawathera m'kachipinda kakang'ono.

Ndiye musanapereke ndalama kwa okumbawo chitani izi. Pezani munthu wodziwa za madzi a pansi, osati mwini thiraki yokumbira chifukwa iye amalipidwa pa mita, ayeze aone ngati vuto ndi kuya kapena pampu yangokhala pamwamba, nthawi zina kungoitsitsa mamita angapo kumakwana. Borehole iyenera kulembetsedwa ku WARMA, bungwe la boma loyang'anira za madzi, ndi lamulo kuyambira 2018, ndipo pakati pa borehole ndi chimbudzi kapena soakaway pazikhala mamita osachepera 30, kayezeni ndi tepi mudzandiuze. Tengani madzi mu botolo mukayezetse ku labu kamodzi pachaka makamaka mvula ikayamba. Ikani magata ndi thanki mukolole madzi a padenga. Ma paver ena azuleni pakhale dothi. Kapingayo musiyeni aume mu October, sadzafa, mvula yoyamba adzadzuka yekha, mudzalepo mapapaya ndi mandimu. Mukakumba mamita ena 40 aneba nawo adzakumba 50, ndipo wolemera pa mpikisano umenewu ndi mwini thiraki yekha.

FUNSO: Ine ndimagulitsa nsomba zouma pa msika, ndimakaoda ku Kafue ndi ku Namwala. Fish ban imatipweteka Malume, miyezi itatu yopanda bizinesi pomwe January ndi wa mafizi. Komanso nsomba zake masiku ano ndi tating'ono ngati chikhatho cha mwana. Ban imeneyi ikuthandiza chiyani ngati nsomba zikungocheperabe?

YANKHO: Mayi, funso lanu lili ndi yankho mkati mwake, tinsomba tangati chikhatho cha mwanato ndi amene akanakhala makolo a nsomba za chaka chamawa. Ban, kuletsa kugwira nsomba kuja, imayamba pa 1 December mpaka kumapeto kwa February chifukwa ndi nthawi imene madzi amasefukira m'madambo ndipo nsomba zimapita kukaswana m'maudzu. Bream yaikazi imasunga mazira ndi tiana take m'kamwa, ukaigwira nthawi imeneyo wapha mazana pa kamodzi. Vuto ndi loti miyezi isanu ndi inayi yotsalayo anthu akukokera ndi maukonde a timaso tating'ono, ena mpaka maneti a udzudzu amene analandira ku kiliniki, ndipo ngakhale mkati mwa ban momwemo nsomba zimafika mu tauni zitabisidwa pansi pa matumba a malasha, inu mukudziwa bwino kuposa ine. Ban ya pa pepala singabereke nsomba.

Koma asodzi asasenze mlandu wonse. Kafue ndi mtsinje wotopa. Kuyambira m'ma 1970 madzi ake amatsegulidwa ndi kutsekedwa ndi madamu awiri, Itezhi-Tezhi kumtunda ndi Kafue Gorge kumunsi, ndiye kusefukira kwa ku Kafue Flats sikutsatanso nyengo monga kale, kumatsata zofuna za malaiti athu omwewa. Minda ya nzimbe ku Mazabuka imamwa pomwepo. Kamtengo kaminga kochokera kunja kotchedwa Mimosa pigra kanadzaza madambo a ku Lochinvar kumene kunali msipu. Nkhanu zija za crayfish zimene mukuziona pa msika masiku ano kwawo ndi ku Australia, zinathawa m'maiwe oweteramo, pano zimadya nsomba zokodwa mu ukonde msodzi asanafike n'kumuonongeranso ukondewo. Nyama ya lechwe ya ku Kafue, imene sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi, inali pafupifupi 100,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, powerenga mu 2015 sinakwane 30,000. Ndiye pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linaphulika, asidi n'kulowa mu Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba zinayandama zakufa, minda inapsa, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi, ndege za asilikali zinkathira laimu mumtsinje. Mtsinje womwewo ndi umene timamwa kuno.

Za mafizi a January, nsomba zowetedwa sizili pa ban. Za m'makheji a ku Siavonga ndi za m'maiwe mukhoza kugulitsa bola mukhale ndi pepala losonyeza kumene mwazitenga, kafunseni ku ofesi ya Fisheries isanafike December. Amayi ena amene ndimagulako amasintha n'kuyamba nyemba za ku Solwezi ndi nsawawa miyezi imeneyo. Ndipo mukapita kukaoda, tating'onoto muzitikana, inu ooda mukakana atatu anayi msodzi adzasintha ukonde msanga kuposa kuopa ofisa.

FUNSO: Malume pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu ku Mtendere pakumabwera kadzidzi usiku uliwonse. Amayi akuti tidule mtengowo chifukwa ndi malodza. Ine ndili Grade 11 ndipo mango ake ndi okoma.

YANKHO: Mphwanga, kadzidzi ameneyo wabwera ku ntchito. Kumene kuli milu ya zinyalala kuli makoswe, ndipo iye usiku umodzi amatha kudya angapo, kwaulere, popanda poizoni amene amapha ndi amphaka a aneba omwe. Akubwera pa mango panu chifukwa mitengo ikuluikulu ya m'dera lanu inatha, akagone kuti? Amayi musakangane nawo, ndi amayi anu, ndipo mantha a kadzidzi tonse tinakula nawo, ine ndemwe ndikamumva usiku ndimayamba ndakoka bulangete kenako nzeru n'kubwera pambuyo. M'mawa mukayang'ane pansi pa nthambi imene amakhalapo, mupeza timibulu totuwa touma timene amalavula, muphwanye kamodzi ndi kamtengo muwaonetse amayi tiubweya ndi timafupa ta khoswe tili m'katimo. Akakanabe, auzeni kuti Malume apempha kuti nkhwangwa idikire mpaka mango a December apse, ndidzabwera ndi thumba langa.